Tinabweza Matchona Onse ndi Penti

Lolemba m'mawa, ndisanamalize n'komwe tiyi, pageti panga pano pa Mzimba Boma panaima mayi wachikulire, mkeka kukhwapa, kathumba ka zovala pamutu. Sanayambe ndi za mvula kapena za ana monga timachitira anthufe. Anangoti, "Monire a Mlembi. Ndabwera kudzatenga adada wane."

Ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwanga. Kunali nkhuku ziwiri ndi njinga yopanda tcheni.

"Bambo anu ndani, amama?"

"Yotamu Tembo. Mwalemba nokha kuti anabwerako ku Joni. Mbwenu ndionetseni kumene mwawasunga."

Abale anga, munthu ankafunidwayo adachoka m'dziko muno ine ndisanabadwe, ndipo akadakhala ndi moyo lero bwenzi akukankha zaka zana. Koma mayiwo sankanama ayi. Ndinalembadi, ndi dzanja langa lomwe lino, ndipo pansi pake ndinasaina.

Ndiyambire poyambira.

Kum'mwera kwa boma lino, cha kumbali ya Champhira, kumene ine ndidakwatira, kuli kanyumba kakale ka njerwa zootcha kamene anthu amakatchula kuti Nyumba ya Makalata. Chipinda chimodzi, zenera limodzi, ndi khonde loyang'ana kumsewu. Kale amuna opita kumigodi ya ku Joni ankadikirira lole pamenepo, ndipo akazi awo ankabwera pomwepo kudzafunsa ngati kwafika kalata.

Podikira lole, mwamuna aliyense ankatola msomali n'kukanda dzina lake pa njerwa za khoma la pakhonde. Wosadziwa kulemba ankamulembera mnzake. Tsiku lobwerako, asanaone n'komwe nkhope ya mkazi wake, ankatula sutikesi pakhondepo, n'kufufuza dzina lake, n'kulizunguliza ndi mzere. Mzere umenewo amati mphete. Dzina lokhala ndi mphete ndiye kuti mwini wake adabwerera kwawo. Lopanda mphete ndiye kuti adatchona, kaya adatsalira pansi pa mgodi, kaya adapeza wina womuchapira malaya kumeneko. Ndipo maina opanda mphete pa khoma lija analipo ambiri ndithu.

Chaka chatha kanyumbako kanali katatopa. Malata adachita dzimbiri, chiswe chidamaliza mitengo ya denga, mbuzi zinkagonamo ngati zalipira lendi. Anyamata a kuderalo amene ali ku Joni masiku ano, zidzukulu za eni maina aja, anaona chithunzi pa gulu lawo la pafoni, mtima unawawawa, nasonkha kangachepe kuti nyumbayo ikonzedwe. Pamenepa ndiwavulire chipewa, chifukwa ndi ochepa amene amakumbukira khoma la kwawo ali m'dziko la eni.

Ndiye panabadwa komiti. Kwathu kuno ngakhale kukwirira dzenje kumafuna komiti.

Wapampando anali a Nyirenda, mphunzitsi wopuma, munthu amene amavala tayi ngakhale popita kudimba. Ine anandisankha kukhala mlembi. Ndine wa ku Dowa, kuno ndidabwera kudzawerenga matabwa ku Chikangawa n'kukhazikika, koma anati popeza ndimalemba mu nyuzipepala ndiye kuti cholembera changa sichiphonya. A Nyirenda anachita kuponyapo mwambi, akuti mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa. Ndinakondwa mpaka makutu kutentha. Sindinadzifunse kuti kalumoko kameta ndani.

Denga tinalikonza bwinobwino, palibe wodandaula. Vuto linayamba titafika pa makoma.

Pa msonkhano woyamba tinagwirizana kuti nyumbayo imatidwe pulasitala. Chifukwa chake nonse mukuchidziwa. Kwa ife nyumba ya njerwa zoonekera ndi nyumba yosatha, ya munthu amene zinamuthera panjira. Kodi alendo abwere adzaone kuti mbiri yathu ilibe ndi pulasitala yomwe? Wina anafunsa za maina aja. A Nyirenda anati, "Palibe vuto, a Mlembi akopera m'buku." Ndinatha masiku awiri ndikukopera, dzina ndi dzina, ndikuika kachizindikiro pa amene anali ndi mphete. Tsiku lachitatu bilidala anabwera ndi simenti n'kukwirira zonse. Pakhonde anathira konkire, n'kuyala matailosi oterera ngati a m'bafa la kuhotela.

Tinatumiza chithunzi ku Joni tili odzitukumula. Yankho linabwera ola lisanathe: "Imeneyi ndi golosale ya ndani? Mbiri ija ili kuti?"

Anali ndi mfundo. Nyumbayo inkaoneka ngati pogulitsira sopo ndi mchere.

Msonkhano wachiwiri unali wa anthu oganiza mozama. Kugumula pulasitala sitikanatha, chifukwa kukanakhala kuvomera kuti tinalakwa, ndipo komiti silakwa. Ndiye tinaitana a Gondwe, amene amalemba zikwangwani za mashopu ndi mawu a kumbuyo kwa maminibasi. A Gondwe anayang'ana khoma, nakhosomola, nati, "Ichi n'chaching'ono chomene. Njerwa ndijambula."

Ndipo anajambuladi. Pamwamba pa pulasitala imene inakwirira njerwa zenizeni, anapaka penti yofiira, natenga rula n'kudula mizere yoyera, njerwa ndi njerwa, zowongoka kuposa zimene adaumba makolo. Mwina ndi mwina anajambulamo ndi ming'alu yomwe, akuti kuti zioneke zakale. Kenako anatenga buku langa n'kulemba maina onse mondondoza, a A kumtunda, a Z kumunsi, zilembo zokhala ndi michira ndi mthunzi. Amuna amene adakanda maina awo ndi msomali, tsopano ankaoneka ngati mndandanda wa mitengo ya mu saluni.

Tonse tinaomba m'manja. Ine ndinaomba kwambiri.

Pa msonkhano wachitatu ndi pamene tinachita chozizwitsa chimene ngakhale alaliki a pamsika sanayesepo. A Gondwe anafunsa kuti, "Nanga mphete? Ena ali nazo, ena alibe. Khoma likhala la mawangamawanga ngati nkhanga. Ine dzina langa lionongeka."

A Nyirenda anavula magalasi, napukuta ndi tayi. "Ndipotu taganizani," anatero. "Ana athu amene atumiza thandizoli ali ku Joni komweko. Adzaone khoma lodzaza anthu osabwerera? Kumeneko n'kuwalodza. Komanso tisakondere. Mabanja ena akhale ndi mphete, ena ayi? Yayi. Tonse ndife ana a Mulungu."

Manja anakwera. Langa linakwera nawo. Ndipo m'buku la komiti ndinalemba mawu awa, amene ndikuwaona ngakhale nditatsinzina: "Komiti yagwirizana kuti onse anabwerera."

Masana amodzi okha, ndi kachitini kamodzi ka penti yoyera, a Gondwe anabweza amuna onse amene migodi idawameza. Akazi awo adalephera ndi misozi, mipingo idalephera ndi mapemphero, ife tinatha ndi bulashi.

Tsono tibwerere pageti panga Lolemba lija.

Mayiwo ndi NyaTembo, amagulitsa kabichi ndi tomato pafupi ndi kanyumba kaja, ndipo lilime lawo limadziwika mpaka kwa madalaivala a malole a matabwa. Bambo awo, a Yotamu, adakwera lole ya ku Joni iwo ali m'mimba. Palibe chithunzi, palibe kalata, palibe manda. Chimene adasiya munthuyo padziko lino ndi dzina la pa njerwa ziwiri basi. NyaTembo anali ku Mzuzu miyezi ingapo kudwazika mwana wawo. Pobwera anapeza khoma lanyezimira, ndipo mdzukulu anawawerengera kuti Yotamu Tembo, ndi mphete yoyera mbee kuzungulira.

Anayala mkeka pakhonde panga, nakhala, natambasula miyendo. Mkazi wanga anawapatsa tiyi ndi mbatata. Nditamuyang'ana kuti andithandize, anangoti, "Munalemba ndinu," n'kulowa m'nyumba.

Ndinayesa kufotokoza. "Amama, ija ndi penti chabe. Tinangokongoletsa. Mawa lomwe a Gondwe akafufuta mpheteyo."

"Afufute kuti chiyani? Penti ya Gondwe ndiyo indiuze zoona? Dzulo yati anabwera, mawa iti sanabwere, mkuja iti anali mzungu?"

"Koma m'buku langa ndinalemba kuti analibe mphete."

"Buku lomwelo lalemba kuti onse anabwerera. Tsamba liti likunama?"

NyaTembo ananyema mbatata pakati, koma sanadye. Atayambanso kulankhula, mawu aja a pamsika anali atatsika.

"A Mlembi, maso anga ali ndi ng'ala. Zaka zonsezi ndimapita pa khoma lija, ndimagwira ndi zala, sindipeza mphete. Koma inu ndinu ophunzira, muli ndi magalasi, munakhala pamenepo masiku awiri. Mwina munaona kamzere kamene ine sindinkakaona. Amama wane adafa akuyang'ana kumsewu. Ngati ankadikira munthu amene sanabwere, mbwenu, zimenezo ndazisenza moyo wanga wonse ndipo ndazizolowera. Koma ngati anabwera, n'kuima pakhonde paja, n'kujambula mphete yake, n'kutidutsa kupita kwina osadzandiona ngakhale nkhope, ndiye kuti amama ankasekedwa ndi mudzi wonse. Ndapota, ndikufuna njerwa. Ndiigwire ndekha."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chichokereni kwathu ku Dowa. Ife tinkaganiza kuti tikupereka mphatso, osadziwa kuti tikulanda munthu chinthu chokhacho chimene ankachidziwa motsimikiza za bambo ake.

Anagona kwathu masiku awiri, chifukwa a Nyirenda anayamba akana zoti tigumule pulasitala. Mwambo wotsegulira nyumbayo unali Loweruka, mipando yabwerekedwa kale, kwaya yaphunzira nyimbo. Anavomera pokhapokha nditawauza kuti NyaTembo anena kuti akachoka pakhonde panga akayala mkeka pa lawo.

Lachitatu tili m'matola kupita kumeneko, tchizulo ndi hamala zili m'thumba, ndinkayang'ana m'mbali mwa msewu ndikudzifunsa kuti matenda amenewa tidawatenga kuti. Mwaonapo zimene timachita kukamabwera mlendo wolemekezeka? Timapaka laimu miyala, timapaka laimu mitengo mpaka m'chiuno, tikanatha bwenzi tikupaka ndi mbuzi zomwe. Tchalitchi chimene agogo athu adasenzera njerwa pamutu timachimata simenti, kenako n'kumata matailosi pamwamba pa simentiyo, mpaka chifanane ndi chipinda chodikirira kubanki. Mtengo umene sukulu idayambira pansi pake timaudula kuti chikwangwani chonena za mbiri ya sukuluyo chioneke bwino.

Timati tikulemekeza zakale, koma kunena zoona timachita nazo manyazi. Chinthu chikakalamba timachiona ngati m'bale wosauka amene wabwera paukwati ndi jekete long'ambika: sitimuthamangitsa, koma timamubwereka lathu msangamsanga alendo asanamuone. Nanga ngati ming'alu, dzimbiri ndi zokandakanda zija ndiye mbiri yeniyeniyo? Ngati chimene chikupangitsa nyumba kukhala yofunika ndi chomwecho chimene tikuthamangira kukwirira?

Ndipo tikamaliza kukwirira timadabwa kuti kukoma kwapita kuti, ndiye timaitana a Gondwe adzatijambulire.

Tinafika dzuwa lili pamutu. A Nyirenda anali kale pakhonde, tayi pakhosi, nkhope ngati ya munthu amene akuperekeza ng'ombe yake kokaphedwa. A Gondwe analiponso ndi zitini zawo. Anthu a pamsika anasiya malonda kudzaonerera.

Funso loyamba linali lakuti dzinalo lili pati. Mu buku langa ndinakopera maina, koma sindinalembe malo ake. NyaTembo anati zimenezo n'zosavuta: ukaima pansi pa zenera, n'kuyenda mapazi atatu kumanja, n'kutsamira khoma, dzina lili pamene pagunda chipumi. Anavula nsapato kuopa kuterereka pa matailosi, anayenda mapazi atatu, natsamira. Chipumi chawo chinagunda pa dzina la penti la munthu wina wa kwa Mhango.

"Apa," anatero.

Ndinaika tchizulo, ndinamenya. Simenti inali yolimba ngati mwala. Nditamenya kachitatu chibenthu chinagwa, ndipo mtima wanga unagwa nacho. Njerwa zakale zija n'zofewa. Simenti inachoka ndi nkhope ya njerwa, ndipo zilembo za munthu wina zinatsalira kumbuyo kwa chibenthucho, zina zitasanduka fumbi pa nsapato zanga. Tinangotha kuwerenga "Eliya". Eliya wa kwa yani, sitidzadziwanso kuchokera pa khomalo.

Palibe anaseka. Bambo wina wogulitsa makala anatola chibenthucho n'kuchikulunga mu mpango.

"Si apa," anatero NyaTembo. "Ndipo mukamenya choncho pa adada, ndikumenyani ndi hamala yomweyo."

Ndi mayi wina wogulitsa mandasi amene anazindikira cholakwika. Konkire ndi matailosi zinakweza khonde. NyaTembo anali ataima pamwamba kuposa kale, ndiye chipumi chawo chinkaloza mzere wolakwika. Tinayeza pa sitepe, tinapeza kuti khonde lakwera ndi njerwa ziwiri. Tinatsika mizere iwiri.

Ndinaika tchizulo pambali, ndinatenga msomali, ndinayamba kukanda pang'onopang'ono ngati wochotsa minga kuphazi la mwana. Ndipo apa ndi pamene ndinaona chodabwitsa chachiwiri. Pulasitala ya pamenepa inkangoyoyoka yokha. Unali mchenga wokhawokha, simenti yongonunkhiza.

A Nyirenda anawerama, nafikisa m'zala, nkhope n'kusintha. Zinadziwika kuti tsiku limene bilidala ankamata kumtunda, akomiti tinali pomwepo kumuyang'anira, ndiye anathira simenti yokwanira. Atafika kumunsi ife tinali titapita kukadya, ndipo matumba ena anamera miyendo.

"Wakuba uja!" anakuwa a Nyirenda.

"Mulungu amudalitse," anatero NyaTembo.

Taganizani, abale. Komiti ya anthu ophunzira, okonda mbiri, ochita misonkhano yoyamba ndi pemphero, inaononga pamene inayang'anira. Pamene panapulumuka ndi pamene wakuba anatsala yekha. Ndakhala ndikuiganizira nkhani imeneyi sabata yonse ndipo sindikudziwa kuti ndiiike m'thumba liti.

Mchenga unagwa, njerwa zinaonekera, zofiirira, zokhala ndi timaenje, zosawongoka ngati za a Gondwe. Kenako Y wopendama. Kenako zilembo zina, zazikulu poyamba, zikucheperachepera kumapeto chifukwa mwini wake sanayeze malo. Ndinapemerera fumbi, ndinapukuta ndi mpango wonyowa, ndinapatuka.

NyaTembo sanayang'ane n'komwe. Anatsinzina, naika zala. Anatsata chilembo chilichonse, kenako anayendetsa chala kuzungulira dzina lonse, pamwamba, m'mbali, pansi, kufunafuna mzere. Anazungulira kawiri. Kachitatu anazungulira patali pang'ono, mwina mphete inali yaikulu.

Kenako anapuma mpweya wautali, nawerama pa matailosi paja kuti chipumi chifike pa njerwa.

"Yewo, adada," anatero. "Simunabwere."

Sindinaonepo munthu akuthokoza bambo ake chifukwa chosabwera, ndipo sindinaganizepo kuti mawu otere angandilize. Ndinalira, ine bambo wa imvi, hamala ili m'manja, pamaso pa ogulitsa mandasi.

A Gondwe, amene mtima wawo ndi wabwino koma sudziwa nthawi, anasendera pafupi. "Amama, bowo ili ndikhoza kulizunguliza ndi kamzere koyera kuti lioneke bwino."

NyaTembo anatsegula diso limodzi. A Gondwe anabwerera m'mbuyo mpaka anaponda m'chitini chawo.

Zimene zinatsatira sitinazikonzekere. Bambo wa makala uja anati agogo ake ali chakumanzere kwa chitseko. Mayi wa mandasi anati amalume a amayi ake ali pansi penipeni, chifukwa anali wamfupi. Pofika madzulo anthu anali pamzere, aliyense ndi msomali wake, akukanda pamene pali pofewa. A Nyirenda anayesa kuletsa, kenako ndinawaona atakwinya tayi m'thumba, atagwada pakona, akukanda mwakachetechete. Sindinawafunse kuti akufuna ndani.

Loweruka mwambo unachitika. Kwaya inaimba, riboni inadulidwa, kutsogolo kwa khoma la mabowomabowo ngati lagwidwa ndi nthomba: njerwa za penti pamwamba, njerwa zenizeni zikusuzumira m'mabowo. Chithunzi tinachitumizanso ku Joni, pa gulu lija. Kenako mnyamata mmodzi analemba kuti, "Bowo lachitatu kuchokera kuchitseko, tajambulani pafupi. Ndikuona ngati ndi agogo."

Kumtunda, kumene tinayang'anira bwino ntchito, maina akadali pansi pa simenti yolimba, ndipo sitikudziwa mowatulutsira osawapha. Tauzidwa kuti alipo akatswiri odziwa zimenezi. Bwenzi titawafunsa tisanagule thumba loyamba, koma walira mvula walira matope.

NyaTembo anabwera dzulo kudzatenga mkeka wawo umene anausiya pakhonde panga. Anandibweretsera kabichi mmodzi, wamkulu, nandiuza kuti ndisazolowere. Ali pageti anatembenuka.

"A Mlembi, tsamba lija mwang'amba?"

Sindinang'ambe. Ndalisiya momwemo, ndi siginecha yanga pansi, kuti wodzabwera m'mbuyo adzaone zimene tinachita. Ndangolemba m'mbali mwake ndi pensulo kuti Yotamu Tembo sanabwerere, mwana wake wagwira njerwa ndipo watsimikiza.

Kwanuko nakonso kuli kanyumba kena kakale kamene komiti ikukonzekera kukakongoletsa, ndikudziwa. Musanasakanize simenti, mwafunsa kale amene amabwera kudzatsamira khomalo kuti chipumi chake chimagunda pati?